Mphonje Yofiira ya ku Coromandel

Msewu wochoka m'tauni ya Thames kulowera kumpoto, pa chilumba cha kumpoto cha dziko la New Zealand, ndi wopapatiza moti malo ena galimoto ziwiri zimapatukirana mwamantha. Kudzanja lamanja kuli mapiri a Coromandel amene amatsetsereka mpaka kudzagwera pa phula. Kumanzere kuli nyanja ya mchere, imene Azungu anaitcha Firth of Thames pamene eni nthaka, Amaori, amati Tikapa Moana. Pakati pa phula ndi madzi pamatsala kampata ka miyala, ndipo pa kampata kameneka ndi pamene paima mitengo ya pohutukawa, yopindikapindika, ya nthambi zotambalala, ina itawerama mpaka masamba ake kukhudza mafunde. Kuyambira Novembala mpaka Januwale, makamaka Khirisimasi ikayandikira, mitengoyi imachita maluwa ofiira ngati magazi, ndipo maluwawo akayamba kuyoyoka msewu ndi mchenga zimangoti psuu. Anthu amachoka ku Auckland kudzayenda pang'onopang'ono kudutsa midzi ya Tararu, Te Puru, Waiomu, Tapu ndi Waikawau mpaka kukafika m'tauni ya Coromandel, mtunda wa makilomita oposa 50. Ambiri amabwerera kwawo akukhulupirira kuti aona chilengedwe monga mmene chinalili chiyambire. Mbiri ya derali imakana zimenezo. Mzere wofiirawu ndi mphonje yotsala ya nsalu imene inatha kalekale, ndipo munthu amene sadziwa zimenezi amangowerenga maluwa pamene funso loyenera kufunsa ndi lakuti mbande zili kuti.

Kuti timvetse chifukwa chake mitengoyi yatsala m'mphepete mokha, tiyenera kuudziwa mtengo weniweniwo. Pohutukawa ndi wa banja limodzi ndi bulugamu ndi gwafa. Kwawo kwenikweni ndi magombe a kumpoto kwa chilumbachi, kuyambira ku Cape Reinga kutsika mpaka chakufupi ndi New Plymouth kumadzulo ndi Gisborne kum'mawa. Umatalika mpaka mamita 20 kapena kuposerapo, koma umakonda kutambalala kusiyana ndi kutalika. Umene uli ku Te Araroa, wotchedwa Te Waha o Rerekohu, nthambi zake zimaphimba malo a mamita pafupifupi 40. Masamba ake ndi olimba, kunsi kwake kuli tiubweya toyera, ndipo mphepo ya mchere imene imaumitsa mitengo ina siwachita kanthu. Mizu imatuluka ngakhale m'nthambi, n'kumalendewera ngati ndevu mpaka itapeza mng'alu wa mwala. Duwa lake ndi mpukutu wa timaulusi tofiira, ndipo timadzi take totsekemera timadyetsa mbalame monga tui ndi korimako, abuluzi ndi njuchi. Mphamvu zonsezi ndi za mtengo waukulu. Njere yake ndi yaing'ono ngati fumbi, ilibe chakudya chodzisungira, ndipo imamera pokhapokha ikagwera poyera pamene dzuwa likufika. Mbande yake ikaphimbidwa ndi udzu kapena ikalumidwa ndi chiweto, nkhani yake yathera pomwepo. Umboni uli pa chilumba cha Rangitoto, pafupi ndi Auckland, chimene chinatuluka m'nyanja phiri litaphulika zaka pafupifupi 600 zapitazo. Pa miyala yakuda ya chiphalaphala chouma, pamene palibe dothi loti munthu n'kulimapo, pamera nkhalango ya pohutukawa yaikulu kuposa ina iliyonse padziko. Mtengowu ukasiyidwa umapanga nkhalango. Kuima pamzere umodzi m'mbali mwa msewu si chibadwa chake.

Amaori anafika ku New Zealand ndi mabwato kuchokera kuzilumba za kum'mawa kwa Polynesia zaka pafupifupi 750 zapitazo, ndipo nthano za kufika kwawo zimatchula mtengowu. Imodzi imasimba za mkulu wina wa m'bwato amene ataona gombe lonse lili lofiira anaganiza kuti ndi nthenga zofiira, zimene kwawo zinali chuma cha mafumu. Anataya m'madzi chisoti chake cha nthenga poganiza kuti kumtunda akatola zatsopano. Atafika anapeza kuti ndi maluwa chabe, amene anafota atangowathyola, ndipo chisoti chija anachitola munthu wina amene anakana kubweza. Nthanoyi ili ndi phunziro lake, koma kwa wolemba mbiri ili ndi umboni winanso: anthu oyamba anakumbukira gombe lofiira kwambiri moti munthu akanatha kunyengeka nalo ali kutali panyanja. Ku Kawhia kuli mtengo wotchedwa Tangi-te-korowhiti, umene a fuko la Tainui amati bwato la makolo awo linamangidwapo. Ku Cape Reinga, kumene Amaori amati Te Rerenga Wairua, kuli kamtengo kokalamba kokakamira pa thanthwe, ndipo chikhulupiriro chawo n'chakuti mizimu ya akufa imatsikira m'mizu yake polowera kwa makolo ku Hawaiki. Imodzi mwa nyenyezi za Matariki, zimene kutuluka kwake kumayambitsa chaka cha Amaori ndipo kunasanduka tchuthi cha dziko lonse mu 2022, imatchedwanso Pohutukawa, ndipo ndi nyenyezi yokumbukira amene anamwalira. Mtengowu unkagwiranso ntchito za tsiku ndi tsiku: ankasema nkhafi, zibonga ndi zokumbira, ndipo khungwa lake lamkati linali mankhwala a m'mimba.

Ena anganene pano kuti tisawapange Amaori kukhala angelo, chifukwa nawonso anatentha nkhalango. Zimenezo n'zoona. Moto wa m'zaka zoyamba za kukhala kwawo unatha nkhalango zambiri, makamaka m'madera ouma a kum'mawa, ndipo mbalame zikuluzikulu zotchedwa moa zinatha ndi ulenje. Koma kusema nkhafi imodzi ndi kudzaza sitima ndi matabwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Chimene chinasintha magombe a Coromandel ndi msika wakunja, ndipo tsiku limene msikawo unasuzumira m'derali likudziwika. Mu Novembala 1769 James Cook anaima pa Mercury Bay, kenako anazungulira n'kulowa mumtsinje wa Waihou, umene anaupatsa dzina la mtsinje wa kwawo ku London, Thames. Anayeza mtengo wina waukulu wa m'mbali mwa mtsinjewo n'kulemba za kuchuluka kwa matabwa abwino. Akatswiri a zomera amene anali nawo, Joseph Banks ndi Daniel Solander, anatola zitsanzo za pohutukawa pa ulendo umenewo, ndipo gawo loyamba la dzina la sayansi limene mtengowu uli nalo, Metrosideros excelsa, limachokera ku mawu a Chigiriki onena za mtima wa mtengo wolimba ngati chitsulo. Dzinalo linali ngati chikwangwani choitanira amisiri. Mu 1820 sitima ya asilikali a Britain yotchedwa HMS Coromandel inabwera kudzatenga mitengo ya kauri yopangira milongoti, ndipo dera lonse latsala ndi dzina la sitimayo mpaka lero.

Mbiri ya matabwa ya ku Coromandel kawirikawiri imasimbidwa ngati mbiri ya kauri, mtengo wowongoka umene unagwetsedwa m'mapiri onse, kukokolola zipika zake ndi madzi a m'madamu a matabwa, mpaka ntchitoyo inatha m'chigwa cha Kauaeranga kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Pohutukawa satchulidwa kwambiri, koma unapita limodzi ndi kauri. Ngalawa ya matabwa imafuna nthiti ndi zigongono zopindika zolumikizira thupi lake, ndipo chigongono cholimba ndi chimene chinapindika chokha mtengo ukukula, chifukwa chosema kuchokera ku thabwa lowongoka chimathyoka. Nthambi ndi mizu ya pohutukawa zinali ndi mapindikidwe onse amene mmisiri angafune, zolimba, zosaola msanga m'madzi a mchere, ndipo zinamera pafupi ndi pamene ngalawa ikukhomedwa. M'dziko limene misewu inali isanakhalepo, ndipo katundu yense ankayenda panyanja, ngalawa zinkakhomedwa m'magombe ambiri. Matabwa a kauri ankakhala khungu la ngalawa, pohutukawa n'kukhala mafupa ake. Wotsala ankapita pamoto, chifukwa nkhuni zake zimayaka motentha ndipo zimakhalitsa.

Kenako kunabwera golide. Charles Ring anamupeza koyamba ku Driving Creek, pafupi ndi tauni ya Coromandel, mu 1852, koma chipwirikiti chenicheni chinayamba mu 1867, boma litagwirizana ndi mafumu a fuko la Ngati Maru kuti dera la Thames litsegulidwe kwa okumba migodi. Pasanathe zaka zingapo panali anthu oposa 15,000 pamalo amene kale panali midzi yochepa, ndipo kwa kanthawi Thames inkapikisana ndi Auckland. Golide wa kumeneko anali m'kati mwa miyala, choncho pankafunika makina osinja miyala usana ndi usiku, mitengo yochirikiza migodi, matabwa a nyumba, ndi nkhuni zophikira anthu onsewo. Mapiri a kumbuyo kwa tauniyo anametedwa mpala. Nthaka nayo inachoka m'manja mwa eni ake. Mafuko a Amaori a derali, limene limatchedwanso Hauraki, monga Ngati Maru, Ngati Tamatera, Ngati Whanaunga ndi Ngati Paoa, anataya malo awo kudzera m'ngongole, m'khoti la malo limene linakhazikitsidwa mu 1865, ndiponso m'kugula kwa boma, moti bwalo la Waitangi Tribunal litatulutsa lipoti lake la Hauraki mu 2006 linapeza kuti anatsala ndi kagawo kochepa zedi ka dziko la makolo awo. Nkhani ya malo ndi nkhani ya mitengo sizingalekanitsidwe. Malo ogona a m'mphepete mwa nyanja, amene pohutukawa ankakula bwino, ndi amene alimi atsopano anayamba kuwatentha ndi kufesapo udzu wa nkhosa ndi ng'ombe. Mitengo imene inapulumuka ndi imene inali paphompho ndi pamiyala, kumene pulawo singafike ndipo wodula angaope kugwa.

Chodabwitsa, chimenenso chili pamtima pa nkhaniyi, n'chakuti zonsezi zinkachitika pamene Azungu obwerawo anali atayamba kale kuukonda mtengowu. M'mishonale Henry Williams analemba mu 1833 za mapemphero amene anachititsa pansi pa pohutukawa. Mu 1857 nyuzipepala inafotokoza phwando limene mfumu Eruera Patuone wa fuko la Ngapuhi anakonza, matebulo atakongoletsedwa ndi maluwa ake, ndipo pamenepo mtengowu unatchulidwa kuti mtengo wa Khirisimasi. Katswiri wa miyala wa ku Austria, Ferdinand von Hochstetter, amene anayendera dzikolo mu 1859, anaona atsamunda akukongoletsa matchalitchi ndi nyumba zawo ndi nthambi zake. Anthu ochoka ku Ulaya, kumene Khirisimasi imabwera ndi chisanu, anapezeka m'dziko limene Disembala ndi mwezi wotentha monga kuno kwathu kum'mwera kwa dziko lapansi, ndipo duwa lofiira la pagombe linawathandiza kumva kuti nawonso ali ndi Khirisimasi yawo. Linalowa pa makadi, pa masitampa, m'nyimbo za kusukulu. Wansembe wa asilikali Ted Forsman analemba nyimbo ya Khirisimasi yotchula mtengowu mu 1941 ali kunkhondo kumpoto kwa Africa. Koma kwa zaka zoposa 100 chikondi chonsechi sichinatchingire mbande ndi imodzi yomwe. Anthu ankakonda duwa la pa khadi pamene ng'ombe zawo zinkadya ana a mtengowo kuseri kwa nyumba. Apa ndi pamene mawu a akuluakulu akuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere amagwira bwino ntchito: mtengo wokalamba umachita maluwa chaka ndi chaka ngakhale mtundu wake ukutha, ndipo maluwawo amagoneka anthu tulo.

Adani awiri amene anamaliza ntchito ya nkhwangwa anachita kubweretsedwa ndi anthu. Woyamba ndi udzu wa kikuyu, wochokera kum'mawa kwa Africa, umene unafesedwa kuti ziweto zizidya ndipo unayala mphasa yokhuthala m'magombe a kumpoto, mphasa imene njere ya pohutukawa singaiboole. Wachiwiri ndi posamu, kanyama ka ku Australia kofanana kukula ndi mphaka, kamene kamagona masana n'kumayenda m'mitengo usiku ngati changa. Kanabweretsedwa koyamba mu 1837 ndipo kanakhazikika kuyambira 1858, cholinga chili malonda a zikopa zaubweya. Kwa zaka zambiri lamulo linkakateteza, mpaka m'zaka za m'ma 1940 pamene boma linavomereza kuti ndi kachirombo. Kwawo ku Australia kali ndi adani ndipo mitengo ya kumeneko inazolowera kudyedwa. Ku New Zealand kanapeza nkhalango yopanda chitetezo, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1980 akatswiri ankayerekeza kuti tinyamati tafika pa 60 kapena 70 miliyoni. Posamu akakonda mtengo amabwerera pomwepo usiku ndi usiku, kudya nsonga zanthete ndi maluwa asanamasule, ndipo mtengo umene wapirira namondwe kwa zaka mazana ungathe kuuma m'zaka zochepa.

Mu 1989 katswiri wa nkhalango Gordon Hosking ndi anzake a ku Forest Research Institute anafufuza mmene pohutukawa analili m'magombe a kumpoto. Anayerekeza kuti mwina magawo 90 pa 100 alionse a nkhalango za mtengowu anali atatha, ndipo m'malo ambiri anapeza mitengo yokalamba yokhayokha, yopanda ana pansi pake. Chaka chotsatira, 1990, bungwe la Project Crimson linakhazikitsidwa mothandizana ndi nthambi ya boma yosamalira chilengedwe, Department of Conservation, ndi kampani ya matabwa imene inadzadziwika ndi dzina la Carter Holt Harvey. Ntchito yake inali yosatchuka: kutchinga mipanda ya waya kuti ziweto zisafike, kutchera misampha, kufesa mbande kuchokera ku njere za dera lomwelo, ndi kukopa masukulu, alimi ndi midzi ya Amaori kuti abzale. Kenako bungweli linawonjeza mitengo ya rata, abale a pohutukawa. Linasindikizanso timabuku totchedwa Crimson Trails, tolondolera anthu njira za galimoto ndi za miyendo zimene angaonereko mitengoyi, ndipo Coromandel inali imodzi mwa njirazo. Mfundo imeneyi imaiwalika kawirikawiri. Msewu unalipo kale ndipo anthu ankausirira, koma kuukonza kukhala ulendo wokaona mitengo, wokhala ndi mapu ndi malo oimapo, kunabwera ngati chida cha nkhondo yopulumutsa mtengo umene unkatha. Amene anajambula mapuwo ankafuna kuti woona maluwa abwerere kwawo ali wobzala.

Pali otsutsa amene ali ndi mfundo yomveka. Amati chiwerengero cha 90 chija n'choyerekeza chabe, chifukwa palibe anawerenga mitengo mu 1800, ndiponso kuti mtengo umene ukunenedwa kuti ukutha uli ponseponse. Ku Wellington, kutali ndi kwawo, unabzalidwa m'misewu ndipo tsopano umamera wokha m'makoma mpaka akatswiri ena amadandaula kuti ukulanda malo a rata. Ku San Francisco ndi mtengo wa m'misewu. Ku South Africa, m'dera la Overstrand kum'mawa kwa Cape Town, unathawa m'minda n'kulowa m'madambo a zomera za kumeneko, ndipo lamulo limalamula kuti uzulidwe. Kodi mtengo wouzula ku Overstrand ungakhale wolirira ku Tapu? Yankho ndi lakuti inde, chifukwa chimene chinatayika ndi nkhalango ya pagombe, ndipo mtengowo unali denga lake chabe. Pansi pake pankamera mitengo ina ya kumeneko monga karaka, puriri ndi kohekohe, mbalame za m'nyanja zinkakumba zisa m'mizu yake, ndipo zamoyo zambiri zinkadalira maluwa ake m'chilimwe. Mtengo woima wokha pakati pa simenti ku Wellington sungabweze zimenezi, monganso nkhuku ya m'khola singalowe m'malo mwa nkhanga za kuthengo. Za chiwerengerocho, tingavomereze kuti chingakhale chokwera kapena chotsika pang'ono, koma maso amatsimikiza chimene chikunena. Paliponse pamene ziweto ndi tizirombo tachotsedwa mtengowu umabwerera mwaunyinji. Ku Rangitoto, maposamu ndi tinyama tina ta ku Australia totchedwa wallaby titathetsedwa m'zaka za m'ma 1990, mitengo imene inali itayamba kuuma inaphukanso ndipo chilumba chinafiiranso. Kumene mtengo umabwerera msanga chotero ukangopatsidwa mpata ndi kumene unachita kuthamangitsidwa.

Ena amatsutsa kuchokera mbali ina. Amati msewu ndi alendo ndiwo anapulumutsa mitengoyi, chifukwa chinthu chobweretsa ndalama sichidulidwa. Apanso pali choonadi. Kamzere ka malo a boma ka pakati pa msewu ndi nyanja sikalimidwa, ndipo anthu a m'midzi ya m'gombeli salola kuti mtengo wawo ugwetsedwe mwachisawawa. Mizu nayo imathandiza kugwira dothi ndi miyala zimene msewu wakhalapo. Koma ubale wa mtengo ndi msewu ndi wa anthu awiri ogona pamphasa yaing'ono. Pa 5 Januwale 2018 namondwe anakumana ndi kukwera kwa nyanja, mafunde anang'amba phula m'malo ambiri a msewu uja, wotchedwa Thames Coast, ndipo pokonza anathira miyala ikuluikulu yotchinga madzi. Mu 2023 mvula yamphamvu ya Januwale ndi namondwe Gabrielle wa mu Febuluwale zinagumula mapiri m'dera lonse la Coromandel. Nyanja ikamakwera, mtengo wa pagombe umapulumuka mwa kubereka ana chakumtunda pang'ono, m'badwo ndi m'badwo. Pano chakumtunda kuli phula, kuseri kwa phula kuli nyumba. Onjezani galimoto zimene zimaimikidwa pamthunzi n'kumapondereza mizu, moto wa oyenda umene umawotcha tsinde, ndi eni nyumba ena amene amadula kapena kuthira mankhwala mtengo wa pamalo a anthu onse kuti aziona nyanja ali pakhonde. Msewu unasunga mitengo yakale, koma unatseka njira ya ana ake. Ndalama za alendo zimateteza chimene chimaoneka pa chithunzi, ndipo mbande yaitali ngati chala siioneka pa chithunzi.

Wina angafunse kuti kodi n'chifukwa chiyani tiyenera kusokoneza chimwemwe cha munthu amene wangobwera kudzapuma ndi banja lake. Maganizo anga ndi akuti mbiri siichepetsa kukongola kwa malowa, ndipo imam'patsa woyenda maso achiwiri. Amene wapitirira tauni ya Coromandel, kudutsa Colville, n'kulowa msewu wafumbi wopita ku Fantail Bay ndi Port Jackson, amaona mitengo ikuluikulu yakale itaima pansi pa phiri la Moehau, lotalika mamita 892, pamene Amaori amati anaikidwa Tamatekapua, mtsogoleri wa bwato la Te Arawa. Kuchokera ku Fletcher Bay kuli njira ya miyendo ya makilomita pafupifupi 10 yopita ku Stony Bay, ulendo wa maola atatu ndi theka. Njirayi imayamba m'mabusa a ziweto, kenako imalowa m'tchire limene likubwerera lokha. Wosadziwa amaona udzu wobiriwira ndi mtengo umodzi waukulu pakati pake n'kunena kuti pakongola. Wodziwa amazindikira kuti mtengo uja ndi nkhalamba yotsala yokha pamudzi umene anthu anasamuka, ndipo akalowa m'tchire lija n'kuona timitengo tosiyana misinkhu amadziwa kuti apa pali mudzi wamoyo. Munthu wachiwiriyu ndi amene angamvetse chifukwa chake mpanda wa waya uli pamenepo, chifukwa chake pali mabokosi a misampha m'mbali mwa njira, ndi chifukwa chake mkangano wa mankhwala ophera maposamu otchedwa 1080, umene wagawa anthu a ku New Zealand kwa zaka zambiri, sungathe pongonena kuti chilengedwe chisiyidwe chokha. Chilengedwe cha kumeneko chinasiya kukhala chokha mu 1858.

Ntchito ya zaka zoposa 30 yabala zipatso zooneka. Mbande zambirimbiri zabzalidwa, magombe ambiri atchingidwa, ndipo Project Crimson inakulitsa ntchito yake mu 2016 poyambitsa Trees That Count, yolimbikitsa kubzala mitengo yamtundu uliwonse ya m'dzikolo. Koma mu Meyi 2017, pa nazale ina ku Kerikeri, panapezeka matenda a dzimbiri la masamba otchedwa myrtle rust, amene akuganiziridwa kuti anauluka ndi mphepo kuchokera ku Australia. Matendawa kwawo ndi ku South America, amagwira mitengo ya banja la gwafa ndi bulugamu, ndipo anapezekanso ku South Africa mu 2013. Amaoneka ngati ufa wachikasu pa masamba anthete ndi pa nsonga zatsopano. Mu 2018 boma la New Zealand linaika pohutukawa pa mndandanda wa zomera zimene zili pachiopsezo. Posamu amakodwa mumsampha ndipo ng'ombe imaima pa waya, koma ufa woyenda ndi mphepo sungatchingidwe. Ndipo popeza umakonda zanthete, umayamba ndi mbande, gawo lomwe lija limene mbiri yonseyi yaonetsa kuti ndi lofooka. Chitetezo chokhacho chodalirika ndi kuchuluka ndi kusiyanasiyana kwa mitengo, kuti pakati pa zikwi za ana pakhale ena opirira. Mzere umodzi wa nkhalamba m'mbali mwa phula sungapereke zimenezo.

Choncho amene adzakhale ndi mwayi woyenda msewu wa Thames Coast mu Disembala aimike galimoto yake kutali ndi mizu, asirire maluwa mmene angathere, kenako aweramitse mutu ayang'ane pansi. Akapeza timitengo tofika m'bondo ndi tina tofika m'chiuno tikukula m'ming'alu ya miyala, malo amenewo ali ndi tsogolo, ndipo pali anthu amene anawagwirira ntchito. Akapeza udzu wa kikuyu wokhawokha mpaka pa tsinde, adziwe kuti mtengo umene akuujambulawo ndi womaliza pamalopo.